Usanagogode pa ejensi, yamba wanyamula chikwama cha wina

Masiku ano ukatsegula Facebook kapena TikTok, supita patali usanaone dzina la mtsikana lotsatiridwa ndi zilembo zitatu: MUA. Ku Lusaka aliko, ku Chipata aliko, ngakhale kuno ku Chadiza alipo, ndipo anyamata nawonso ayamba kulowamo. Palibe chodabwitsa. Nchito za mu ofesi n'zosowa, pomwe maukwati, ma kitchen party, chilanga mulilo ndi ma graduation sizikutha, ndipo ponsepo pali nkhope zofuna kupakidwa. Munthu wa dzanja labwino akagula maburashi, foundation ya mitundu ingapo ndi powder, Loweruka lake silipita pachabe.

Koma pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, mtima umayamba kufuna zambiri. Kwathu kuno akwati amachuluka anthu akagulitsa mbewu, ndipo mvula ikayamba foni imangoti zii. Ndiye munthu amayamba kuyang'ana pa TV, m'mafilimu, pa zikwangwani zotsatsa malonda za mu Great East Road, n'kumadzifunsa kuti amene amapaka anthu amenewa analowa bwanji. Akafunsa intaneti, yankho limakhala limodzi: peza ejensi. Basi amayamba kutumiza mauthenga pakati pa usiku, "Hi, ndine MUA, ndifuna muzindipezera nchito," kenako n'kumadandaula kuti anthu a m'tauni ndi onyada, sayankha.

Maganizo anga ndi akuti ambiri mwa anzathuwa akugogoda msanga, ndipo akupempha chinthu chimene sangapatsidwe. Chofunika kupempha poyamba ndi mwayi wothandizira munthu amene ali kale mkati. Unyamule chikwama chake, utsuke maburashi ake, uime kumbuyo kwake. Ejensi ibwere pambuyo.

Tiyeni timvetse kaye kuti ejensi ya anthu opaka makeup imagwira bwanji nchito. Kumaiko kumene bizinesiyi inakhwima, monga ku London ndi ku New York komwe kuli maejensi onga Streeters ndi The Wall Group, kapena ku Cape Town ndi ku Johannesburg, ejensi ndi wamalonda woima pakati. Imalankhula ndi kampani yofuna kujambula chotsatsa malonda, imakambirana mtengo, imalemba invoice, imalondola ndalama zikachedwa, kenako imadulapo gawo lake, kawirikawiri pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Iwe ukapanda kugwira nchito, ejensi sidya. N'chifukwa chake imatenga munthu amene ali kale ndi makasitomala ake, amene dzina lake likatchulidwa wojambula zithunzi amagwedeza mutu kuti inde, ameneyo timamudziwa. Ejensi si sukulu ndipo si bungwe lachifundo. Imakolola m'munda umene walima kale.

Koma maejensi omwewo amasunga mndandanda wina umene achinyamata ambiri saudziwa, wa anthu othandizira. Katswiri akapatsidwa nchito ya anthu 20 pa tsiku limodzi, manja ake awiri sakwana, ndiye ejensi imayang'ana pa mndandandawo n'kuimba foni. Khomo limeneli ndi lotseguka kuposa lalikulu lija, ndipo akatswiri ambiri analowera pomwepo.

Kuno ku Zambia zinthu zimayenda mosiyanako. Maejensi amene timawamva kwambiri ndi a ma model ndi a zotsatsa malonda. Nchito ya makeup nthawi zambiri imadutsa m'manja mwa anthu: mkulu wa makeup pa sewero la pa TV, wojambula zithunzi za maukwati, mwini saluni wodziwika, wokonza maphwando, wopanga mavidiyo a nyimbo, ngakhale alangizi ndi a matron, amene amadziwa ukwati uliwonse miyezi itatu usanachitike. Kwa munthu woyamba kumene, ejensi yake yeniyeni ndi anthu amenewa. Ukawadumpha n'kumalembera ofesi ya ku Cape Town, uli ngati wosiya chitsime pakhomo n'kukatunga ku Luangwa.

Ndipo nchito ya kamera kuno ikukula, tisanamizane kuti kulibe. Zambezi Magic inayamba pa DStv mu 2015, ndipo masewero monga Mpali ndi Zuba akhala akujambulidwa kwa zaka, gawo ndi gawo. Filimu ya Rungano Nyoni, I Am Not a Witch, inajambulidwa kuno n'kutuluka mu 2017, ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Mu 2023 Can You See Us?, nkhani ya mnyamata wachialubino yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, inafika pa Netflix. Mu 2024 Nyoni yemweyo anapatanso mphoto ku Cannes ndi On Becoming a Guinea Fowl. Pa nchito iliyonse yotereyi pamakhala anthu a makeup, ndipo kumbuyo kwa mkulu wawo kumaima omuthandiza.

Wina anganene kuti, ine ndapaka kale akwati 50, ndikaphunzirenso chiyani potsuka maburashi a munthu wina? Zambiri. Mkwati amafuna kuoneka kuti wapakidwa. Wosewera wa pa TV amene akuchita mbali ya mayi wochokera kudimba amafunika kuoneka ngati sanapakidwe konse, koma nkhope isanyezimire ndi thukuta pansi pa magetsi otentha. Chithunzi chimodzi cha m'filimu chikhoza kujambulidwa theka Lolemba, theka Lachisanu, ndipo chipsera chili pa tsaya chiyenera kukhala pamalo omwewo, kukula kwake komweko. N'chifukwa chake wothandizira amajambula nkhope iliyonse pa foni ndi kulemba zimene zinapakidwa. Powder ina yooneka bwino pa kalilole, ikakumana ndi flash imasiya khungu lakuda lili mbuu ngati munthu wadzola phulusa. Izi sungazione pa vidiyo ya masekondi 30. Umaziona uli chiimire pambali pa kamera kuyambira 05:00, maso ali pa monitor.

Palinso khalidwe la pamalo a nchito, lomwe ndi limene limachotsetsa anthu kuposa dzanja loipa. Sujambula wosewera n'kumuika pa status chotsatsa malondacho chisanatuluke. Supatsa kasitomala wa bwana wako nambala yako kuseri. Zimene wamva mu chipinda chovalira zimathera momwemo. Burashi imene yakhudza diso la munthu mmodzi sipita pa diso la wina isanatsukidwe, chifukwa matenda a maso ofiira aja amayenda mwa njira yomweyo, ndipo lipstick umaidula pang'ono n'kupaka ndi kaburashi, osati kuipititsa pakamwa ndi pakamwa. Ku wailesi komwe ndimathandizako zilinso chimodzimodzi. Amene amakhalitsa ndi amene anayamba ndi kukulunga zingwe ndi kufika nthawi isanakwane, ndipo tsiku limene woulutsa wadwala, maikolofoni imapatsidwa kwa amene ali pafupi.

Tsono ukafuna kulembera katswiri kapena ejensi kuti uthandizire, lemba bwanji? Ndaona mauthenga ambiri a achinyamata ofuna mwayi, ndipo ambiri amafa pa mzere woyamba. "Hi" yekha si kalata. "Muli bwanji akulu" yekha n'kudikira yankho si kalata. Munthu wotanganidwa afuna aone zonse mu uthenga umodzi: dzina lako, kumene ukhala, zaka zimene wagwira nchitoyi, nchito yake iti imene unaiona n'kuikonda, masiku amene upezeka, ndi chimene ukupempha. Nena mosabisa kuti ukufuna kuikidwa pa mndandanda wa othandizira. Ngati uli ku Chipata ndipo ukhoza kufika ku Lusaka utauzidwa masiku awiri zisanachitike, lemba choncho, ndipo ngati uli ndi pogona ku Mtendere kapena ku Kaunda Square, nenanso, chifukwa funso loyamba m'mutu mwake ndi lakuti kodi ameneyu adzafikadi. Kumene kuli imelo, gwiritsa nchito imelo. Voice note ya mphindi zisanu palibe adzaimvera.

Zithunzi tumiza zochepa, zisanu ndi zitatu kapena khumi, koma zoona. Filter ichotse. Katswiri amayang'ana khungu, ndipo khungu losalazidwa ndi foni limamuuza kuti pali chimene ukubisa. Onetsa nkhope zosiyanasiyana: wakuda bii, woyererako, mayi wachikulire, mwamuna, munthu wa ziphuphu, ndipo ngati unapakapo mnzathu wachialubino iye n'kuvomera kuti chithunzi chake chionetsedwe, chiikemo. Ikamonso nkhope imodzi yopakidwa mopepuka kwambiri. Nsidze zojambulidwa ngati ndi rula ndi ma lashes aatali ngati tsache aliyense akuchita, sizikusiyanitsa ndi wina. Akapanda kuyankha, dikira milungu itatu kapena inayi, ulembenso kamodzi uli ndi nchito yatsopano yoonetsa. Kuimba foni tsiku ndi tsiku kumangokuika pa mndandanda wa anthu otopetsa.

Ndipo usachite manyazi ndi kumene unaphunzirira. Amene wapaka mkwati ndi line-up yonse mu October, m'nyumba ya malata ku Pembamoyo, magetsi kulibe, kuwala n'kwa pa windo, nkhope n'kukhalabe bwino mpaka kuvina kwa madzulo, ameneyo wadutsa mayeso ovuta. Amene anagwira nchito m'chaka cha 2024, pomwe chilala chinaphwetsa Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, amadziwa kukonzekera. Makampani aakulu akunja anatenga zaka zambiri asanasamale za khungu lathu, moti Rihanna atatulutsa Fenty Beauty mu 2017 ndi mitundu 40 ya foundation, dziko lonse linachita nayo nkhani. Ife kuno takhala tikusakaniza mabotolo awiri kapena atatu kuti tipeze mtundu wa mlongo wathu kuyambira kale. Limenelo ndi luso logulitsika, ndipo uyenera kulitchula.

Tsopano tifike povuta. Pali amene amatsutsa maganizo angawa, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Amati kuthandizira ndi dzina lokoma la kugwira nchito yaulere. Amati mwana wa ku Kabulonga akhoza kutsuka maburashi miyezi isanu ndi umodzi osalipidwa chifukwa amadya kwawo, koma mwana wa ku Chadiza, amene ayenera kukwera basi makilomita oposa 500 kuchoka ku Chipata kukafika ku Intercity, n'kugona pa mphasa kwa azakhali, sangakwanitse. Amatinso pali akatswiri ena amene amasintha othandizira ngati malaya, aliyense miyezi itatu yaulere, kenako wina. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati ayi.

Yankho langa ndi lakuti kuthandizira ndi nchito, choncho kukhale ndi mtengo ndi malire. Tsiku loyamba kapena lachiwiri longoonerera likhoza kukhala la transport ndi chakudya chokha, poti tsiku limenelo ndiwe mlendo. Koma ukayamba kugwira nkhope za anthu amene kasitomala walipirira, uyenera kulandirapo kanthu. Funsa usanakwere basi: ndidzalandira zingati, liti, pa Airtel Money kapena pa MoMo, nanga kit ndi ya ndani? Yankho likhale lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp. Kufunsa si mwano, ndipo safunsa anadya phula. Katswiri woona sakwiya ndi funso limeneli, chifukwa nayenso amafunsa makasitomala ake zomwezo. Wokwiya wakuuza kale mtundu wa munthu amene ali.

Kwa akuluakulu a nchitoyi nawonso ndili ndi mawu. Inu amene mwafika, amene maina anu amatuluka kumapeto kwa sewero, ikani malipiro a wothandizira mu quotation yanu monga muikira mafuta a motoka. Mukamatcha mwana wa eni "my assistant" pa Instagram koma abwerere kwawo ndi K50 ya basi atagwira maola 14, mukudya thukuta lake. Ndipo mukamutchula dzina pa chithunzi chimene anagwirapo, simutaya kanthu.

Komanso sikuti aliyense ayenera kuyambira ku Lusaka. Kum'mawa kuno kuli N'cwala ku Mtenguleni mu February, kuli Kulamba ku Mkaika mu August, ndipo masiku amenewa kumadzaza a TV, ojambula, oimba ndi makampani otsatsa malonda awo. Ku Chipata kuli ojambula mavidiyo a kwaya ndi a oimba achinyamata pafupifupi mlungu uliwonse. Yamba ndi amenewa. Pat McGrath, mayi wa ku Northampton amene mayi ake anachokera ku Jamaica, sanapite ku sukulu ya makeup. M'zaka za m'ma 1990 anagwira nchito ku magazini ya i-D pamodzi ndi mnyamata wobadwira ku Ghana, Edward Enninful. Mnyamatayo anadzakhala mkonzi wa British Vogue mu 2017, ndipo McGrath anakhala wopaka makeup woyamba kupatsidwa ulemu wa Dame. Anakwera pamodzi. Mnyamata wa kamera amene ukumuderera lero pa Kapata mwina ndiye adzakuitane zaka zisanu zikubwerazi.

Chenjezo lalikulu ndi ili, ndipo ndikupempha ulisunge ngakhale uiwale zina zonse. Ejensi yoona imadya iwe ukalipidwa. Munthu amene akuyamba ndi kukuuza kuti utumize ndalama ya registration, ya ID, ya photoshoot kwa wojambula wake yekha, pomwe sanakuonetse ngakhale kasitomala mmodzi, bizinesi yake ndi iweyo. Funsa maina a anthu amene amawaimirira, uwafufuze, uwafunse ngati amalipidwa. Funsa ngati kampaniyo inalembetsedwa ku PACRA. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti kampani yopezera anthu nchito ikhale ndi chilolezo chochokera kwa Labour Commissioner, ndiye wolonjeza kukupezera nchito ya mwezi ndi mwezi akuonetse chilolezocho. Wokuitanira ku lodge usiku kuti mukakambirane za tsogolo lako sakufuna maburashi ako. Pita ndi mnzako, masana, pamalo a anthu, kapena usapite konse.

Chenjera koposa ndi malonjezo a kunja. Ife a kuno malire a Chanida ndi Mwami sali kutali, ndipo nkhani za "saluni yaikulu ku Joni ikufuna atsikana, transport ndi yathu" timazimva. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chidindo cha mlendo mu pasipoti sichikulola kugwira nchito ku South Africa, ndipo munthu amene akufuna kukusungira pasipoti yako akufuna kukusunga iweyo. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kugulitsa anthu kuyambira 2008 chifukwa zinthuzi zimachitikadi. Ukakayikira, pita ku Victim Support Unit ya apolisi usanapite ku basi.

Nanga mapepala? Satifiketi siipaka munthu, koma imatsegula zitseko zina, makamaka ku mahotela ndi ku makampani. Ngati ufuna kuphunzira, sankha sukulu yolembetsedwa ndi TEVETA, osati kosi ya masiku atatu ya m'garaji yokhala ndi satifiketi ya golide. Kuyambira 2022, pomwe CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, gawo lina la ndalamazo limalipirira achinyamata maphunziro a luso la manja, ndipo pempho limadzera ku Ward Development Committee. Ndalama zimenezo ndi zathu, kafunse. Tenganso TPIN ku ZRA, tsegula akaunti ku banki, phunzira kulemba invoice. Kampani yotsatsa malonda silipira m'manja ngati amalume a mkwati. Imalipira ndi mapepala, ndipo nthawi zina pakatha mwezi kapena kuposerapo, ndiye usadye mbewu yonse poyembekezera.

Nthawi yogogoda pa khomo lalikulu idzadziwika yokha. Ndi pamene makasitomala akukuitana ndi dzina lako osadzera kwa bwana wako, pamene zithunzi zako zili ndi nchito zolipidwa zimene anthu anaziona, pamene ukutaya nchito chifukwa unali pa set ndipo sunathe kuyankha foni, pamene kulondola ngongole kukukudyera masiku. Pamenepo 20 peresenti ya ejensi imakhala yotsika mtengo, chifukwa ikukugulira nthawi. Ndipo ukafika pamenepo, werenga contract mzere ndi mzere. Ndi ya zaka zingati? Kodi akwati ako akale nawonso adzadulidwapo gawo? Ukafuna kuchoka, uyenera kudziwitsa miyezi ingati isanakwane? Zithunzi zako adzazigwiritsa nchito mpaka liti? Usasaine tsiku lomwelo. Pita nayo kunyumba, uonetse munthu wodziwa kuwerenga mapepala otere.

Mwina ukafika pamenepo udzapeza kuti ejensi suifuna n'komwe, kuti foni yako, dzina lako ndi anzako atatu odalirika akukwanira. Ambiri kuno akukhala moyo wabwino motero. Koma kaya udzasaina kaya ayi, njira yake ndi imodzi. Mlungu uno lemba maina asanu a anthu amene nchito yawo umailemekeza, ku Chipata kapena ku Lusaka. Sankha zithunzi zako khumi zopanda filter. Lemba uthenga umodzi waufupi, waulemu, wopempha kuthandizira, wonena tsiku limene upezeka. Ndipo akakuitana 05:00, ufike 04:30, maburashi ali oyera.